Mpaka Ng'oma Itasiya Kulira

"Mzungu wa ku Jeremani uja anabwera kwa ine manja ake ali ngati mapazi a bakha. Sabata isanathe, ankaomba ng'oma mpaka asodzi a ku Konakiri kusiya maukonde m'madzi kubwera kudzavina. Tsiku lobwerera kwawo analira, anthu inu. Anandipsompsona m'manja muno."

Nantenen anali kuseri kwa mpanda akupeta mpunga. Mawuwo ankachokera pansi pa mtengo wa mango, pamene amuna ankaphika tiyi wawo wa m'kaketulo, uja amadya theka la tsiku asanapse. Wolankhulayo anali mlamu wake Karifa, mng'ono wa mwamuna wake, amene anabwerako ku mzinda wa Konakiri mvula isanayambe ali ndi chikwama chimodzi, magalasi akuda, ndi azungu osawerengeka a pakamwa. Mzungu ameneyu Nantenen anali atamumvapo kale. Dzana anali wa ku Falansa, ndipo anaphunzira mwezi wathunthu. Munthuyo ankaonjezera nzeru nthawi iliyonse nkhani yake ikakambidwa.

"Ngati munatha mzungu, bwanji osatithandiza ndi mwana wa akulu anu uja?" Awa anali a Moriba, mkulu wa oimba ng'oma m'mudzimo, amene ankalankhula mtedza wa kola uli m'tsaya. "Watigonthetsa tonse ameneyu."

Apa Nantenen anaimitsa lichero. Mwana wa akulu anu uja anali Naman, mwana wake, wa zaka zisanu ndi chimodzi. Chiyambireni kukhala pansi, Naman ankamenya chilichonse chimene chingalire: zipanda, mapoto, chitseko, ndowa, msana wa mbuzi, ndipo tsiku lina mimba ya mlongo wake wakhanda. Mbuzi za pakhomopo zikamuona zinkapatuka njira. Nantenen anali atapempherapo kangapo kuti Mulungu ampatse tsiku limodzi lokha la bata asanafe.

"Naman?" anatero Karifa. "Ameneyo ndi ntchito ya pambuyo pa chakudya. Tsiku la dima kumunda kwa achimwene, mwana ameneyo adzatsogolera makasu ndi ng'oma ya jembe ngati munthu wandevu."

"Akapanda kutero?"

"Akapanda kutero, taonani manja awa. Manja awa sanagwirepo mpini chichokereni m'mudzi muno. Adzaugwira. Ndidzalowa pamzere ndi anyamata, ndipo sindidzaweramuka mpaka ng'oma itasiya kulira."

Nantenen anamva kola akusweka. A Moriba anagawira aliyense amene anali pamphasapo kachidutswa kake, onse anatafuna, ndipo mawu a Karifa anakhala ndi mboni. Nantenen anapitiriza kupeta. Manja amenewo ankawadziwa bwino. Ankadzozedwa mafuta m'mawa ndi madzulo. Sankanyamula nkhuni, sankatunga madzi, sankamangirira mbuzi, chifukwa anali manja a ntchito. Pa mbale ya mpunga pokha ndi pamene ankaiwala kuti ndi osakhwima.

Maphunziro anayamba mawa lake anthu atatha kupemphera swala ya m'mawa. Karifa anatulutsa jembe yakeyake, ng'oma yolemera yofika Naman m'chibwano, n'kumuimika mwanayo pa mtondo wogadabuza kuti afikire chikopa.

"Alamu, si yaikulu ng'omayo?" anafunsa Nantenen.

"Mwana amakula molingana ndi ng'oma yake. Inu muziona za mapoto, alamu. Iwe, dzanja apa. Ayi, apa! Werenga: imodzi, ziwiri, zitatu, zinayi."

"Kuwerengako n'kwa chiyani? Akugula mbuzi?"

"Ndi mmene amaphunzirira ku Ulaya."

"Ndimayesa a ku Ulayawo amabwera kudzaphunzira kwa inu?"

Karifa anavala magalasi ake akuda, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Tsiku loyamba Naman ankaseka. Ng'oma yeniyeni anali asanaigwirepo, ndipo anayamba kuiguguda mmene ankagugudira ndowa. Karifa anamugwira mikono. Izo ndi zamasewera, anatero, ng'oma si chidole. Panali kamenyedwe ka pakati, ka m'mphepete, ndi kambama kaja kamene kamalira ngati nthambi youma yathyoka. Kambamako kanayenera kubwerezedwa mpaka katuluke, ndipo sikankatuluka, chifukwa dzanja lonse la Naman linali lofanana ndi zala zitatu za Karifa. Ndipo pamwamba pa zonse panali phunziro lalikulu, limene mudzi wonse unaliloweza chifukwa linkamveka mpaka kuchitsime.

"Fulumira! Fulumira, mwanawe! Wochedwa saomberedwa m'manja. Fulumiranso!"

Zikhatho za Naman zitatupa n'kutuluka matuza, Nantenen anapita nazo kwa mlamu wake.

"Zimenezo ndiye zabwino," anatero Karifa akudzola mafuta m'zala zake. "Matuza ndi umboni woti phunziro likulowa. Akaphulika, chikopa chimakhwima."

"Anu anaphulika liti?"

"Anga anaphulika kalekale, anakhwima, kenako anafewanso. Ndi msinkhu wina umenewo, simungaumve."

Pemphero la Nantenen linayankhidwa sabata yachiwiri. Pakhomo panagwa bata. Tsiku loyamba anagona masana kwa nthawi yoyamba chibadwire mwanayo, ndipo anadzuka akuthokoza Mulungu. Tsiku lotsatira anatsuka mapoto n'kuwavundikira padzuwa monga mwa nthawi zonse, akudikira kukalipa. Naman anatulukira, anawayang'ana, n'kuwalambalala ngati ndi moto. Anakakhala pakhonde manja onse awiri atawabisa m'khwapa. Mbuzi yaikazi ija inkamuthawa inadutsa pafupi, inaima, inamununkhiza, n'kugona pamapazi pake osaopa kanthu.

Pamenepo Nantenen anasiya mapoto n'kumuyang'anitsitsa. Mwana uja ankayenda ndi phokoso lake ngati mbuzi yovala belu, moti amayi ake ankadziwa kumene ali osadzutsa mutu. Tsopano ankachita kumufunafuna ali pomwepo. Za dima, za kola, za manyazi a Karifa, analibe nazo ntchito. Ankafuna phokoso lake libwerere.

Malangizo sanasowe, poti m'mudzi sasowa. Mwamuna wake, amene anali ku migodi ya golide ku Sigiri, anati pafoni: "Mverani Karifa, anayenda ameneyo," ndipo foniyo inaduka asanamuuze kumene kuyendako kwafikitsa mwana. Jaka, mnzake wosinja naye, anati amumangirire chithumwa pamkono. Mayi wina anati amudyetse mtima wa tambala. Potsiriza anapita kwa a Moriba atanyamula kola wa ulemu.

A Moriba analandira kolayo, anamuyang'ana mbali zonse, n'kutsamira khoma.

"Mwana wanga, ife kale ng'oma sitinkaigwira. Ine ndinanyamulira aphunzitsi anga ng'oma mpaka ndevu zinamera, osaikhudza chikopa. Ndinkawachapira. Ndinkawalimira. Tsiku lina ndinaigogoda ndi chala mwangozi, anandimenya ndi chingwe chokungira. Ndiye ng'oma imalowa choncho."

"Ndiye ndichite chiyani, abambo?"

"Mubweretse azindilimira."

Nantenen anathokoza kwambiri, n'kubwerera akuwerengera kola wake ngati wotayika. Anaona kuti amuna onse odziwa ng'oma amagwirizana pa chinthu chimodzi: mwana ayambe walira. Ankangosiyana pa malo omupwetekera.

Madzulo ake ankasinja mpunga ndi Jaka mumtondo umodzi, minsi ikulowa mosinthana, du, du, du, du, mmene akhala akuchitira chikwatiwireni. Naman anali pakhonde paja, manja m'khwapa. Maganizo a Nantenen anali kutali, ndipo munsi wake unachedwa, n'kugundana ndi wa Jaka.

"Iwe, ukufuna kundigulula mano?" anatero Jaka.

Anayambiranso. Koma Nantenen anali ataona kanthu. Munsi utachedwa, nkhope ya Naman inakwinyika ngati walumidwa ndi nyerere, ndipo chala chachikulu cha kuphazi, chimene chinkagunda pansi mwakachetechete, chinaima m'malere. Manja anali atawatsekera, koma phazi anaiwala kuliuza.

Nantenen anachedwetsanso munsi, dala tsopano.

"Nantenen, wamwa chiyani lero?"

Anachedwetsanso.

"Amayi, mukulakwitsa," mawu anachokera pakhonde.

"Ine? Ndinayamba kusinja iwe usanaganiziridwe n'komwe."

"Mukuchedwa."

"Ndikuchedwa pati? Tandionetsa."

Naman anapukusa mutu n'kukankhira manja m'kati. Nantenen sanakakamize. Anatenga chipanda chachikulu chija amayezera mpunga n'kuchivundikira pafupi ndi khonde. Anatola kamtengo kotakasira n'kukaika pambali pake.

"Chipanda changa ichi usachikhudze. Wamva? Ndi chatsopano. Ndipo kamtengo aka ndakawerenga, kasasunthe."

Anabwerera kumtondo n'kumufulatira. Jaka anamuyang'ana ngati wazungulira mutu, koma anakweza munsi. Anasinja. Mpunga unayera, anapitirizabe kusinja mpaka unayamba kusanduka ufa. Ndipo kumbuyo kwake kunamveka, pang'ono kwambiri, ngati nkhuku yojompha chitseko: ko. Kenako ko, ko. Kamtengo sikapweteka chikhatho. Kanalowa pakati pa minsi iwiri, pamalo penipeni pamene Nantenen ankachedwa.

Sanatembenuke. Sanamuyamikire, poti kuyamikira kukanabwezera manja aja m'khwapa. Anangokuwa mmene ankakuwira kale:

"Ndani akundiswera chipanda uko? Ndikakupeza!"

Phokosolo linakula.

Kuyambira tsiku limenelo, mpunga wa pakhomopo unkasinjidwa kawiri pa tsiku kaya ukufunika kaya ayi, ndipo chipanda chinkaletsedwa mwamphamvu madzulo alionse. Karifa sanamve kanthu, chifukwa nthawi yosinja inali nthawi yake ya tiyi. M'mawa akatulutsa jembe, Naman ankazimiririka kuseri kwa nkhokwe. Karifa anafotokozera amuna a pansi pa mango kuti imeneyo ndi mbali ya njira yake: wophunzira amafika pothawa, kuti phunziro likhazikike m'mafupa. Mzungu uja nayenso anathawapo. Tsopano anali wa ku Holande.

Mvula itanyowetsa nthaka, tsiku la dima linafika. Anyamata a mudzi wonse anasonkhana kumunda kwa mwamuna wa Nantenen ndi makasu awo a mipini yaifupi. Atsikana anabwera kudzaimba ndi kuomba m'manja, amayi anayatsa moto m'mphepete mwa munda, ndipo amuna a pansi pa mango anasamutsira mphasa yawo pansi pa mtengo wina, poti kuyang'anira anthu olima nayonso ndi ntchito. Pa dima khasu silidzilamula. Limagwa pamene ng'oma yanena, ndipo oimba amayenda pambuyo pa mzere mpaka munda uthe.

Karifa anafika atavala malaya oyera ndi magalasi, mnyamata wina atamunyamulira jembe. Anaiimika kutsogolo kwa anthu, anakoka Naman, anamukweza pa chitsa.

"Anthu inu, tsegulani makutu. Zimene muti mumve lero, ku Konakiri amalipira. Yamba, mwanawe. Imodzi, ziwiri, zitatu, zinayi!"

Naman anayang'ana chikopa, anayang'ana khamu, n'kulowetsa manja m'khwapa.

"Imodzi, ziwiri... Naman!"

Kunamveka njiwa kutali.

"Mwina akuimba cha mumtima," anatero mnyamata wina pamzere. "Ndi mmene amaimbira ku Jeremani."

"Chikopa chanyowa ndi mame," anatero Karifa. "Ndiponso mwanayu sanadye bwino. Alamu, mwamudyetsa chiyani m'mawa?"

"Zomwe munadya inu, alamu. Kungoti inu munadya mbale ziwiri."

A Moriba anadzuka pamphasa pang'onopang'ono, anatenga khasu kwa mnyamata wina, n'kulipereka kwa Karifa ndi manja awiri, mwaulemu wonse.

"Kola tinatafuna, mwana wanga. Ali m'mimba mwa anthu awa."

Karifa anayang'ana khasulo ngati njoka. Kenako maso ake anagwera pa ng'oma za a Moriba zimene zinali pansi, ndipo nkhope yake inawala. Kenkeni, kang'oma kakang'ono kaja koimba ndi ndodo, kamene kamagwira mayendedwe a ng'oma zonse, kanali kopanda mwini. Mnyamata amene ankakaimba anali atathawira ku migodi sabata yomweyo.

"A Moriba, ine sindikukana. Khasu ndi ili, ndaligwira. Koma ndinati ndidzalima mpaka ng'oma itasiya kulira. Nanga popanda kenkeni ilira bwanji? Inu mukudziwa. Ng'oma yosayamba ndiye kuti yasiya kale."

Amuna a pamphasa anayamba kukambirana mfundoyo mozama, ndipo zinkaoneka kuti angathe kufika nayo madzulo. Nantenen anasiya mthiko. Anayenda mpaka pamene Naman anaima, anamutsitsa pachitsa, n'kumupukuta kumaso ndi nsonga ya nsalu yake.

"Basi, zatha, pita ukakhale apo," anatero. Kenako anakweza mawu. "Koma kang'oma ako ndi ka a Moriba, usakakhudze. Wamva? Ndi ka akuluakulu. Ndipo ndodo yake iyo ili pansiyo, usaitole."

Anabwerera kumoto osacheuka. Anatola munsi umene ankasinjira mtedza wa ndiwo, anakodola Jaka ndi maso, ndipo anayamba: du, du, du, du. Kenako anachedwetsa.

Ken. Ken, ken.

Mkangano wa pamphasa unaduka. Naman anali atagwada pambali pa kenkeni, lilime lili panja, ndodo ili m'dzanja. Sizinali zodabwitsa zoti mzungu n'kulira nazo. Kanali kamayendedwe kamodzi komweko ka pamtondo, kobwerezabwereza, koma kosaphonya. A Moriba anamvetsera mutu uli chopendekeka.

"Ndimadziwa ine," anatero. "Magazi a kwathu amenewa. Agogo ake aakazi anali msuweni wa amayi anga." Anakoleka jembe yawo paphewa, mnzawo anatenga ng'oma yapakati, mnyamata wina ananyamula kenkeni kuti Naman aziimba akuyenda. Atsikana anayambitsa nyimbo. Makasu anakwera onse pamodzi n'kugwa, ndipo pakati pawo panali limodzi logwa mochedwa, la munthu wa malaya oyera.

Mzere woyamba Karifa anauyenda akumwetulira, kuonetsa kuti ndi masewera. Wachiwiri magalasi anagwa, mnyamata wa pambali pake anawakwirira. Pofika wachitatu anayamba kulankhula ndi mwana wa mkulu wake mwaulemu umene sanauonetsepo.

"Naman, bambo, pang'onopang'ono."

Naman anadzutsa mutu. Pa maphunziro onse a sabata zija, chimodzi chokha n'chimene chinalowa, ndipo anafuna kuonetsa kuti sanaiwale.

"Munati wochedwa saomberedwa m'manja, bambo aang'ono."

Ndodo inafulumira. Kenkeni ikafulumira, ng'oma zina zilibe mawu, zimatsatira. Atsikana anakuwa mokondwa, anyamata anayamba kupikisana, dothi linkauluka. "Fulumira, mwanawe!" anafuula wina, ndipo mzere wonse unalandira, poti phunzirolo onse ankalidziwa. "Fulumiranso!"

Dzuwa litafika pamutu, a Moriba, amene nawonso thukuta linali litawalowa m'maso, anamva chisoni, makamaka chodzimvera okha. Anaomba kaimbidwe kaja kodulira, kamene woimba aliyense akakamva amadziwa kuti tonse tiime apa. Jembe inaima. Ng'oma yapakati inaima. Anyamata anaweramuka. Karifa anayamba kuwongola msana ngati chitseko chadzimbiri.

Ken, ken. Ken, ken.

A Moriba anaombanso chodulira, mokweza. Naman anawamwetulira n'kupitiriza.

"Karifa, kodi mwanayu simunamuphunzitse poimira?"

"Limenelo... ndi phunziro... lomaliza," anatero Karifa akupuma ngati mvukuto.

"Ndiye werama, mwana wanga. Ng'oma ikulira."

Anyamata anakhala pansi m'mphepete mwa munda kumwa madzi, ndipo mudzi wonse unaonerera munthu mmodzi akugalauza kachigawo kotsala, kamwana kali pambuyo pake ndi ndodo. Karifa anayang'ana kumoto.

"Alamu! Muuzeni mwana wanu asiye!"

"Ine za mapoto, alamu," anayankha Nantenen. "Ndiponso ameneyo ndikamuletsa ndiye amaonjeza."

Anamusiya mpaka khasu linafika pa mwala wa m'malire. Kenako anapakula mpunga ndi ndiwo za mtedza m'kambale, anaika nyama pamwamba, n'kukakhazika patsogolo pa Naman. Ndodo inagwa pansi. Karifa naye anagwa pansi, chagada, malaya atasanduka mtundu wa munda.

A Moriba anaima pakati pa anthu. "Amene munatafuna kola, mwaona?"

"Taona!"

"Walima?"

"Walima, ngakhale mokhota!"

"Ng'oma yasiya?"

"Yasiya!"

"Ndiye mawu ake wawawombola. Wina asadzamutchulirenso za lero."

"Mutilole mawa lokha," anatero mnyamata uja anakwirira magalasi.

Nantenen anagwada pambali pa mlamu wake, anamutambasula zikhatho, n'kuziyang'ana mosirira. Matuza anali paliponse, ena ataphulika kale.

"Zimenezi ndiye zabwino, alamu. Phunziro lalowa."

Karifa anatsegula pakamwa, koma panalibe mzungu aliyense wotsala. Nantenen anamusiyira kabotolo ka mafuta ake aja n'kudzuka. Kumbuyo kwake Naman anali atamaliza mpunga, atavundikira kambale, ndipo ankakagogoda ndi fupa.

"Iwe! Mbale yanga imeneyo!" anakuwa Nantenen, n'kupita kukapakulira anthu, osamulanda.